Lajos M'munda wa Maungu

Mu Okutobala 1926, fakitale ya magalimoto imene Lajos Berecz ankagwirako ntchito ku Detroit inalengeza kuti kuyambira sabata imeneyo anthu azipuma Loweruka. Kapitawo atanena zimenezi palibe anaomba m'manja. Anthu anangoyang'anana, chifukwa nkhani yokoma ya pakamwa pa kapitawo nthawi zambiri inkabwera ndi mchira. Mchirawo unaonekadi: lamba wokoka magalimoto anayamba kuthamanga kuposa kale. Komabe Lachisanu madzulo zipata zinatsekedwa, ndipo anthu anauzidwa kuti adzabwere Lolemba.

Lajos anachoka kwawo ku Hungary ali mnyamata, ndipo tsopano imvi zinali zitayamba kumera cha m'makutu. Ntchito yake inali imodzi basi: kumanga tayala lakumbuyo cha kumanzere. Galimoto ikafika pa iye, ankalimbitsa manati ndi sipanala, ikadutsa kunkabwera ina. Lamlungu linali la Misa ndi tulo. Koma Loweruka masana, kunyumba kwake ku Delray, dera lina la mumzindawo, sankadziwa ngakhale mbali imene dzuwa limagwera.

M'mawa wa Loweruka loyambalo anadzuka nthawi yake ya masiku onse, navala nsapato zantchito. Atakumbukira, anazivula. Anakhala pampando. Anaimirira. Anapita kukayesa chitseko cha mpanda ngati chikutsekeka bwino, ndipo chinkatsekeka bwino. Mwana wake wamkazi Piroska anathamangira kusitolo kumene ankagulitsako nsalu, poti kwa iye Loweruka ndilo linali tsiku la ntchito yambiri. Lajos anatsala ndi mkazi wake Etelka, amene anali atayamba kale kukanda ufa wa buledi.

"Bambo a Piroska, mukufuna chiyani m'khitchini mwanga?"

"Ndikungoona."

"Mwaona?"

"Anyezi ameneyo mukudula wamkuluwamkulu. Mayi anga ankadula wopyapyala."

Etelka anaika mpeni pansi pang'onopang'ono.

"Zaka zonsezi mwakhala mukudya anyezi wanga, mbale n'kunyambita, lero ndi pamene mwakumbukira mayi anu? Chonde, tengani chipewa. Akupatsani tsikuli ndi a kampani, si ine. Pitani mukalidyere kwina, ine ndikufuna kukolopa."

"Ndipite kuti?"

"Kumene amapita amuna anzanu. Ndidziwa bwanji ine?"

Anamukulungira buledi ndi soseji m'pepala, n'kumukankhira panja ngati mphaka.

Lajos anaima pamsewu akuphethira. Anaona ana akusewera mpira, mayi wina akukuntha mphasa, ngolo ya munthu wogulitsa malasha. Aliyense anali ndi chochita. Anayamba kuyenda, ndipo miyendo inamutengera kokwerera sitima yamagetsi ya mumsewu. Itafika anakwera osaganiza, n'kukatsika pamene ankatsikira masiku onse.

Pachipata cha fakitale anapeza chigulu cha amuna. Ena anali atapachika manja m'matumba, ena akuyang'ana chumuni chosafuka utsi ngati akuona maliro. Mmodzi anali ndi chitini chake cha chakudya m'manja. Aliyense ankayesetsa kuoneka ngati wangodutsa.

"Ine ndabwera kudzagula fodya," anatero wina, ngakhale palibe anamufunsa.

"Inenso," anayankha mnzake, ndipo onse anadziwa kuti fodya amagulitsidwa mumsewu uliwonse wa mumzindawo.

Kenako panalira hutala, ndipo mawu aakulu ngati a ng'oma anamveka kuchokera tsidya la msewu.

"A Lajos! Ndinadziwa ine! Ndinati ndikawapeza ataima pageti ngati mbuzi yosowa khola!"

Lajos anatembenuka. M'galimoto yakale yakuda, yong'ambika denga, munali Elbert Tolliver, munthu wakuda wochokera ku Alabama. Elbert ndiye ankaima pambali pake pa lamba: iye ankalowetsa tayala, Lajos n'kulimbitsa. Anali atagwira limodzi zaka zingapo, koma popeza kulankhula pantchito kunali koletsedwa, ankangonong'onezana ndi mbali ya pakamwa, maso ali pa tayala. Lajos ankayesa kuti mnzakeyo ndi munthu wa mawu ang'onoang'ono.

"Kodi mawu onsewa ndi anu?" anafunsa atawoloka msewu.

"Anga enieni! Ku tchalitchi kwathu ndikayamba kuimba mawindo amanjenjemera. Nanga inu, mano amenewa muli nawo? Ndimayesa mulibe, sindinakuoneni mukuseka."

"Mwadzatani kuno?"

"Mkazi wanga Ozella wandithamangitsa. Akuti ndikumuonongera Loweruka lake. Inu?"

"Ndanena za anyezi."

Elbert anaseka mpaka kumenya chiwongolero ndi dzanja.

"Kwerani, achimwene. Ndili ndi mbedza ziwiri ndi nyongolotsi zodzaza chitini. Tiyeni kumunsi kwa mtsinje. Asiyeni awa azilondera geti."

Lajos anazungulira galimotoyo kaye. Inali yopangidwa pafakitale yomweyo. Anawerama pa tayala lakumbuyo cha kumanzere, n'kugwira manati ndi chala.

"Kwerani inu!" anakuwa Elbert. "Lero palibe kapitawo!"

Anatuluka mumzinda akulowera kumwera. Nyumba zinayamba kutalikirana, utsi unatha, phula linatha, ndipo anapezeka pamsewu wafumbi pakati pa minda. Mitengo inali itafiira, ina yachikasu. Lajos anagwira chipewa ndi dzanja limodzi, lina atagwira chitseko mwamphamvu. Elbert ankaimba nyimbo za kwawo, ndipo pakati pa nyimbo ankafotokoza za munda wa thonje umene anauthawa, za bulu wa bambo ake amene ankadziwa kumasula chingwe ndi mano. Lajos naye anafotokoza za mudzi wawo, za atsekwe amene ankaweta ali mwana, za mtsinje umene unkaundana ndi chisanu mpaka ngolo n'kumadutsa pamwamba. Ankalankhula mokuwa, dala, ngati ana amene aphunzitsi atuluka m'kalasi.

Atayenda ndithu, Elbert anamuyang'ana mnzake.

"Bwanji mwakakamira chitseko choncho? Simunakwerepo galimoto?"

"Ndinakwerapo ya maliro, kumbuyo."

"Nanga kuyendetsa?"

Lajos anapukusa mutu.

Elbert anaponda buleki, galimoto n'kuima pakati pa msewu.

"Mukundinamiza! Magalimoto onse adutsa m'manja mwanu aja, odzaza dziko lonse la Amereka, inu osagwirapo chiwongolero?"

"Ine ndimadziwa tayala langa. Zakutsogolo n'za anthu ena."

"Tsikani. Bwerani kuno. Nsomba zidikira."

Lajos anakana, koma kukana kwake kunali kwa munthu amene akukana nyama dzanja lili m'mbale. Elbert anamukhazika pampando wa dalaivala n'kuyamba kumusonyeza.

"Pansipa pali zopondera zitatu. Cha kumanzere mukaponda, galimoto iyenda pang'onopang'ono. Mukachisiya, ithamanga. Chapakati n'chobwerera m'mbuyo. Cha kumanja ndi buleki. Kachitsulo aka pachiwongolero ndi ka moto. Mwamva?"

"Ndikachisiya iima?"

"Ayi! Mukachisiya ithamanga!"

"Ndani anapanga zimenezi? Chinthu ukachisiya chimayenera kuima."

"Funsani mabwana anu Lolemba. Tiyeni, pondani."

Lajos anaponda. Galimoto inadzuma, n'kugwedezeka, n'kuyamba kukwawa. Anamva chiwongolero chikunjenjemera m'manja mwake ngati chamoyo. Anapotoza pang'ono, galimoto inamvera. Anapotozera kwina, inamveranso. Anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, kofika nako potulutsa misozi.

"Ikuyenda! Elbert, ikundimvera! Taonani!"

"Ndikuona, achimwene. Maso pamsewu."

"Mayi a Piroska akanandiona!"

Chimwemwe chija chinamuiwalitsa phazi. Analichotsa pa chopondera cha kumanzere, ndipo galimoto inalumpha ngati kavalo wolumidwa ndi mavu. Kutsogolo msewu unkakhota. Elbert anakuwa kuti buleki, buleki, koma Lajos anayang'ana pansi kuti aone buleki ndi iti, ndipo atadzutsa mutu msewu unali utakhota wokha, iwo akupitirira. Anadumpha kangalande, n'kulowa m'munda. Pansi pa matayala panayamba kumveka phwa! phwa! phwa! Zinthu zachikasu zinkauluka mbali zonse. Galimoto inakaima pa mulu waukulu, injini n'kutsokomola kawiri, n'kuzima.

Kunali zii. Lajos anali ndi nthanga pachipewa. Chitini cha nyongolotsi chinali chitakhuthukira pa nsapato za Elbert. Ponseponse panali maungu, ena athunthu, ena ong'ambika pakati.

"Muli moyo?" anafunsa Lajos.

"Ndili moyo. Koma taonani uko."

Kuchokera kumapeto kwa munda kunkabwera mzungu wamkulu thupi, wa ndevu zotuwa, atanyamula foloko yotolera udzu. Kuseka konse kunachoka pankhope ya Elbert. Anatsika mwakachetechete, anavula chipewa, n'kuima manja ali poonekera. Lajos anali asanamuonepo mnzake ataima choncho, ndipo anamvetsa kuti kunja kuno, kutali ndi mzinda, mlandu wa maungu ukhoza kukula ukagwera munthu wakuda. Anadumpha m'galimoto n'kuthamangira kutsogolo.

"Ndine, bambo! Ndine ndimayendetsa! Uyu amandiphunzitsa, anandiuza bwinobwino, koma phazi langa ndi lopusa!"

Mlimiyo anaima. Anayang'ana Lajos, anayang'ana Elbert, anayang'ana mzere wa maungu ophwanyika kuchokera kumsewu mpaka pa mulu.

"Koyamba?" anafunsa.

"Koyamba, bambo."

"Unasiya cha kumanzere?"

"Ndinasiya cha kumanzere."

Mlimiyo anazika foloko pansi, ndipo mimba yake inayamba kugwedezeka.

"Mukuiona nkhokwe iyo? Mukuwaona matabwa atsopano m'mbalimo? Ine tsiku langa loyamba kuyendetsa ndinalowera uku n'kutulukira uko, nkhuku zili pamutu. Mkazi wanga mpaka lero amauza alendo. Ndimati ndikaikuwira kuti ima, iima ngati hatchi!"

Elbert anapuma mpweya wautali n'kubwezera chipewa kumutu.

Mlimiyo dzina lake anali Gagnon. Ananena kuti kuseka waseka, koma maungu ake ndi maungu ndithu. Ana ake onse anali atapita kumafakitale a mumzinda, ndipo iye yekha ndi msana wake wowawa ankayenera kupakira munda wonsewo pangolo chisanu chisanagwe.

"Muli ndi manja, muli ndi tsiku. Mundipakirire ngolo ziwiri, mlandu watha."

Anavula majekete. Poyamba aliyense ankatola dzungu lake n'kupita nalo kungolo, koma posakhalitsa, popanda kupangana, anapezeka ataima monga ankaimira pa lamba: Elbert akutola n'kuponya, Lajos akuwakha n'kusanja. Manja awo ankadziwana. Elbert anayambitsa nyimbo, dzungu lililonse n'kumagwera pa kugunda kwake, ndipo Lajos, wosadziwa mawu, ankangovomera ndi mawu a kwawo. Gagnon anakhala pa chitsa akusuta kaliwo, mutu ukutsata maungu m'malere.

"Pang'onopang'ono, anyamata! Akukuthamangitsani ndani?"

Anayang'anana, n'kuseka. Panalibedi wowathamangitsa. Lajos anagwira dzungu limodzi n'kuima nalo, akulitembenuza, kungofuna kuona ngati china chake chichitika munthu akaima pakati pa ntchito. Palibe chinachitika. Khwangwala analira patali. Anakhala pansi, Elbert naye anakhala, ndipo anadya buledi ndi soseji ya Etelka. Elbert analuma kamodzi n'kutsegula pakamwa ngati nsomba.

"Mayo! Akazi anu amakukondani koma? Tsabola yenseyu?"

"Ameneyo ndi wa ana. Mudzalawe wa Khirisimasi."

Mkazi wa Gagnon anabwera ndi mtsuko wa madzi a maapozi, ndipo asanauike n'komwe pansi anayamba kufotokoza nkhani ya nkhokwe ndi nkhuku, mwamuna wake akumuchonderera kuti alendowa aimva kale.

Ngolo zitadzaza, hatchi ya Gagnon inakoka galimoto kuibwezera pamsewu. Nyali imodzi inali itapindikira kumwamba, koma Elbert atapukusa chitsulo cholizira injini cha kutsogolo, injini inalira bwinobwino. Gagnon anadzaza mpando wakumbuyo ndi maungu ong'aluka, amene sakanagulika kumsika.

"Tengani, mwawapha nokha. Loweruka likubwerali ndikukumba mbatata. Mukafuna kudzagundanso, mundawo ndi uwo."

Za nsomba zinathera pomwepo, poti nyongolotsi zonse zinali zitabwerera kwawo m'nthaka. Lajos analunjika ku mpando wa wokwera, koma Elbert anamugwira phewa.

"Mukupita kuti? Bambo anga ankati bulu akakugwetsa, umukwerenso fumbi lisanachoke pa thalauza. Khalani apo."

"Ndikupherani galimoto."

"Inafa kale iyi. Pondani."

Ulendo wobwerera unali wa kamba. Lajos anakanikiza chopondera cha kumanzere osachisiya, mwendo mpaka kuchita dzanzi. Ngolo ya mkaka inawapitirira. Mayi wina wa panjinga anawapitirira, n'kuwafunsa ngati akufuna kukankhidwa. Lajos anangokakamira chiwongolero, lilime lili panja, maso ali pamsewu. Koma atayandikira mzinda anali atayamba kulimba mtima: ankasiya chopondera pang'ono, galimoto n'kuthamanga, iye n'kukuwa, n'kupondanso.

Dzuwa litapendeka analowa mumsewu wa kwawo ku Delray. Anthu anali pamakonde. Etelka anali pampanda akucheza ndi mnansi wake, manja ali m'chiuno. Lajos anafinya hutala.

"Mayi a Piroska! Mayi a Piroska! Ndine!"

Etelka anatembenuka, pakamwa n'kutseguka. Lajos anakweza dzanja kuti amubayibitse, phazi n'kuterereka, ndipo galimoto inadutsa pakhomo pake ngati sikupadziwa.

"Ndikubwera!" anakuwa akuzimiririka pakona.

Anazungulira nyumba zonse za mderalo n'kutulukiranso kumtunda kwa msewu. Tsopano msewu wonse unali utaimirira. Amuna ankamulangiza mokuwa, aliyense zake, agalu akuuwa. Ulendo uno anaponda buleki molawirira kwambiri, galimoto n'kuima pakhomo la anthu ena, nyumba ziwiri asanafike kwawo. Dzungu limodzi linagubuduka kuchokera kumbuyo n'kukagwera pamsewu. Anthu anaomba m'manja ngati paukwati.

Etelka anabwera akupukuta manja pa epuloni. Anayang'ana mwamuna wake kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato: matope, nthanga, nkhope yopsa ndi dzuwa, mano onse ali pamtunda.

"Ndinati mupite kumene amapita amuna anzanu. Sindinati mukabe galimoto."

"Ndi ya a Tolliver awa. Timagwira limodzi. Elbert, awa ndi akunyumba."

Elbert anatsika n'kuvula chipewa.

"Mayi, soseji yanu yandiliza misozi, koma ndaimaliza."

"Ndiye ndinu a Elbert? Amakutchulani tsiku lililonse. Ndimayesa ndinu kamunthu kakang'ono, poti amati mumalankhula ngati mbewa." Anasuzumira kumbuyo. "Nanga maungu onsewa? Munapita kukawedza kapena kukakolola?"

"Nkhani yake ndi yaitali," anatero Lajos.

"Ozella amaphika chitumbuwa cha maungu choti munthu n'kuiwala dzina lake," anatero Elbert. "Tiyeni kwathu nonse. Akandiona ndabwera wopanda nsomba andipha, koma pamaso pa alendo amachita manyazi."

Etelka anazengereza. Chikhalireni ku Detroit anali asanalowepo m'nyumba ya munthu amene si wa kwawo kapena wa tchalitchi chawo, ndipo ankadziwa kuti maso onse a pamakonde ali pa iye. Anayang'ana mnansi wake, amene anali atakweza nsidze mpaka m'tsitsi. Kenako anamasula epuloni n'kumuponyera.

"Piroska akabwera mumuuze kuti supu ili pa chitofu."

Anathamangira m'nyumba, n'kutuluka ndi chipewa chake cha Lamlungu ndi buledi wathunthu wotentha m'nsalu. Elbert anasuntha maungu n'kudzipanikiza kumbuyo, kuti mayiyo akhale kutsogolo. Etelka anakhala mowongoka, buledi ali pamiyendo, n'kuyamba kuyang'ana mapazi a mwamuna wake.

"Ichi n'cha chiyani?"

"Chimenecho mukachiponda iyenda pang'onopang'ono. Mukachisiya ithamanga."

"Nanga ichi?"

"Buleki."

"Basi? Zomwezi ndi zimene mwabwerera ndi matope mpaka m'makutu? Makina anga osokera ndi ovuta kuposa apa."

"Achimwene," anatero Elbert kumbuyo, "Loweruka likubwerali mpando umenewo mwaluza."

Lajos anaponda, galimoto inagwedezeka n'kuyamba kuyenda. Etelka anagwira chipewa ndi dzanja limodzi. Atadutsa pakhomo la mnansi uja, anatambasula dzanja linalo n'kufinya hutala yekha, kawiri, mwamphamvu.

Kwa a Tolliver anafika bwino, kupatula chitini cha zinyalala chimene Lajos anachigunda poima. Ozella, mayi wamtali wa maso akuthwa, anatuluka atakonzeka kufunsa za nsomba, koma ataona mlendo atanyamula buledi, anameza mawu n'kumulandira ndi manja awiri. Pasanapite nthawi amayi awiriwo anali m'khitchini akusenda maungu, akutsutsana ngati dzungu limafuna shuga kapena mchere ndi katsabola, ndipo aliyense anaphika mwa njira yake kuti mnzake aone. Amunawo anatulutsidwa panja. Anakhala pamasitepe a khonde, miyendo ili tambalale, akumvera kuseka kochokera mkatimo.

"Akutiseka ife," anatero Elbert.

"Asiyeni aseke," anayankha Lajos, akutikita mwendo wake wakumanzere. "Mukuti mbatata zija tipite?"